Inu ophwanya mipando ndi kuzula mipope m'mabwalo a masewero, tamverani kuno

Ana inu, komanso akuluakulu ena amene mukuchita zachibwana, ndakhala chete nthawi yaitali koma lero ndiyankhule basi. Loweruka lapitali ndinapita pa galaundi ya kwathu kuno kukaonera mdzukulu wanga akusewera mpira, zimene ndinaona mutu unandiwawa. Chimbudzi chomangidwa dzanadzanali chitseko palibe, mpope anazula, pomwe panali sinki pangotsala dzenje pakhoma. Pakati pa galaundi padutsa kanjira koyera mbee chifukwa anthu akuona kutalika kuzungulira popita kumsika, mbuzi aimangirira pa golo, kuseri kwake mabotolo osweka ali mbwee. Goloboyi wa timu inayo anadumphira mpira nkuchekeka bondo, magazi chuchuchu, anzake kumumanga ndi sokosi. Woswa botololo mwina anali pomwepo akuimba nawo nyimbo.

Ndinapeza mnyamata wina akukoka waya wa mpanda kuti alowe ulere, nditamudzudzula akuti "madala musadandaule, nzaboma izi". Zaboma? Mwana iwe, boma lili ndi munda wake wolimamo ndalama? Bingu National Stadium ku Area 48 ija inatsegulidwa mu 2017, inamangidwa ndi ngongole ya ku China ya madola pafupifupi 70 miliyoni, ndipo ngongole imabwezedwa, obweza ake ndi iwe ndi ine kudzera mu msonkho umene amatidula ngakhale pogula mayunitsi a foni. Ndiye timu yako ikagonja iwe nkuzula mpando kugenda nawo oyimbira, wagenda ndani? Chigoli chija sichifufutika, koma mpando uja ugulanso ndiwe.

Mwaiwala kale za 2021 eti? Bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF litakana mabwalo athu kuti sakukwanira, Flames inkasewera magemu a pakhomo ku Orlando Stadium ku Johannesburg. Pakhomo pa eni ake! Tinagonjetsa Mozambique 1-0 komweko ife tikungoonera pa TV, ndalama za ndege, hotela ndi lendi ya bwalo zikupita kunja, mayi wogulitsa mandasi pageti osapeza ngakhale K100. Ku Kamuzu Stadium nako masitandi ena anatsekedwa kalekale chifukwa cha ming'alu, ife amene tinkakhala pamwamba paja tili anyamata tikamadutsa pa Chichiri mtima umawawa ndithu.

Nanunso oyang'anira mabwalo musaseke, nkhaniyi ikukukhudzani. Gawo la ndalama za pageti limapita kwa eni bwalo, nanga limagwira ntchito yanji poti babu ikapsa imatha chaka osasintha? Bwalo silifa tsiku limodzi ayi. Limayamba ndi mpope wodontha umene ukanangofuna kalabala kotchipa, ngalande yodzadza mapepala ndi majumbo imene simunakumbe mu Okutobala, mvula ikagwa madzi nkukhazikika pakati kapinga nkuola, kenako mukuti tikudikira bajeti, bajetiyo ikamabwera zinthu zafika pofuna mamiliyoni. Kapinga amafuna kuthirira, kutchetcha ndi kupumitsa, koma inu Lachisanu mwabwereketsa msonkhano wa chipani, Loweruka ukwati, Lamulungu mapemphero, malole kulowa mpaka pakati, zikhomo za matenti kusiya maenje, Lolemba mwana wa munthu nkubinya mwendo. Kapinga wa pulasitiki ujanso musamuyese wosafa, naye amafuna kupesa, ndipo ndudu yoyaka imamuboola. Kubwereketsa sindikukana, ndalama ikufunika, koma yalani matabwa ndipo magalimoto azitsala panja.

Ndipo inu ogula zitsulo zakale, munthu akubwera ndi chitsulo cha golo chopaka penti yoyera kapena waya wa magetsi a pabwalo inu nkuika pasikelo osafunsa, mukudziwa bwino kuti sichinachoke kunyumba kwake. Akubawo akulimba mtima chifukwa cha inu. Makolo nanunso mwana wabwera ndi mpope wachilendo pakhomo inu nkungoti zikomo?

Kwathu kuno takambirana ndi amfumu komanso anyamata a chitetezo cha m'mudzi, kuyambira sabata ino mbuzi yopezeka pa golo mwini wake akaiombola kubwalo la amfumu. Loweruka m'mawa tikutola mabotolo aja ndi kukwirira maenje, bwerani ndi makasu ndi matumba 6 koloko. Iwe wa waya uja nkhope yako ndinaisunga, ubwere ndi pulayala.