Agogo si makina oyezera shuga

Ine lero ndakwiya ndipo ndilankhula basi. Agogo anga a zaka 79, odwala matenda a shuga, tawapeza m'mawa atagwa pakhomo pa bafa, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, zolankhula zosamveka moti aneba anayamba kale kunong'ona kuti ndi sitiroko. Kuwayeza shuga, 2.6, wotsikitsitsa. Tawamwetsa tiyi wothira shuga masupuni atatu, pasanathe ndi theka la ola omwewo akufunsa ngati nkhuku tazitsekulira.

Wawagwetsa ndi mdzukulu wawo yemwe, msuweni wanga, amene chigulireni kamakina koyezera wasanduka dokotala, akufuna kazionetsa 5 tsiku lililonse. Nsima analetsa, mbatata analetsa, nthochi yomwe akuti ndi poizoni. Gogo wagonera chisoso chokha, m'mawa wameza glibenclamide, mankhwala otsitsa shuga, m'mimba muli gwaa, ndiye mumati zitha bwanji?

Munthu wa zaka 79 mukumuthamangitsira 5 kuti zitani? Kupanikiza shuga kumateteza maso ndi impso inde, koma phindu lakelo limadzaoneka patapita zaka zambiri, pomwe shuga akatsika kupitirira 3.9 gogo akugwa lero lomwe, ndipo akathyoka chiuno pamsinkhu umenewu ena sadzukanso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno abale, wapachala ngwamphepo. Mukusamala namba, munthuyo mukumusiya. Namba yokongola, gogo ali pansi.

Ndipo si zanga izi. Kafukufuku wa ACCORD ku America ndi Canada, mu 2008 anasiyira panjira zokakamiza shuga kutsika kwambiri chifukwa gulu lopanikizidwalo ndi limene linkamwalira kwambiri. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, pamndandanda wawo wa mankhwala analemba poyera kuti glibenclamide sayenera munthu wopitirira zaka 60. Okalamba impso zimafooka, mankhwala amachedwa kutuluka m'thupi, nkhani yake ndi yomweyo.

Sindikunena kuti agogo asiye mankhwala ayi, asandinamizire munthu. Ndikunena kuti muyezo wa mnyamata wa zaka 35 musamawapachike agogo. Adye nsima yawo pang'ono, mudyerenso limodzi, osati kuwayang'anira mbale ngati apolisi.

Komanso ku kiliniki kuja tinapita nawo mwezi watha, tinafika 6 koloko, kulowa cha m'ma 11, mkati mphindi zitatu zokha. Palibe anawafunsa kuti gogo mumadya chani, mumakhala ndi ndani, munayamba mwagwapo? Anangodinda buku n'kuitana wina.