Masiku osumira boma amayamba kutha munthu akadali m'chitokosi

Pali lamulo lina limene anthu ambiri amalidziwa litawapweteka kale. Apolisi akakumanga popanda chifukwa, kapena akakusunga m'chitokosi kupitirira nthawi yololedwa, ukhoza kusumira boma kuti likupatse chipukuta misozi. Zimenezi ambiri tinamvapo. Chimene satiuza n'chakuti ufulu wosumawu uli ndi tsiku lake lothera, ndipo m'mayiko ena masikuwo amayamba kuwerengedwa iwe ukadali m'kati, nsabwe zikukudya.

Zoti pakhale malire ine sindikana ayi. Mboni zimamwalira, wapolisi amene anamanga munthu amapuma pa ntchito, anthu amaiwala. Vuto langa lili pa tsiku loyambira kuwerenga.

Tamvani za Andre Wallace wa ku Chicago. Anamumanga mu 1994 ali ndi zaka 15, pa mlandu wopha munthu. Atamupanikiza ndi mafunso kupolisi anavomera, ndipo khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka 26. Pa apilo oweruza anapeza kuti apolisi anamumanga popanda chifukwa chokwanira, moti mu 2002 boma linathetsa mlanduwo iye n'kutuluka. Chaka chotsatira anasuma. Malamulo a ku Illinois amapereka zaka 2 pa madandaulo otere, ndiye mungaganize kuti anafulumira. Koma mu 2007 khoti lalikulu kwambiri la ku America linagamula kuti anachedwa. Akuti zaka ziwirizo zinayambira pamene anamutengera koyamba pamaso pa woweruza. Ndiye kuti munthu uja amayenera kusumira apolisi ali m'ndende momwemo, uku akulimbana ndi mlandu wakupha. Abale, ndani angakhale ndi mtima umenewo?

Ku South Africa nako n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Kumeneko lamulo la 1969 limati dandaulo lotere limafa pakatha zaka 3, ndipo lamulo lina la 2002 limati uyambe walembera boma kalata yolidziwitsa kuti udzalisumira miyezi 6 isanathe. Ukachedwa ndi kalatayo uyenera kupempha khoti kuti likukhululukire, ndipo kupemphako kumafunanso loya. Bambo wina, a Mtokonya, anamangidwa mu 2010 n'kusungidwa masiku angapo osapita nawo kukhoti, pomwe malamulo amati pasadutse maola 48. Iwo sankadziwa kuti apolisi alakwa mpaka mu 2013, pamene loya wina woyandikana naye nyumba anawauza. Pofika 2014 pamene ankasuma, zaka zitatu zinali zitadutsa. Mu 2017 khoti la malamulo oyendetsera dzikolo linati chofunika n'chakuti ankadziwa zimene zinawachitikira komanso amene anawachita zimenezo. Kusadziwa kuti malamulo akuwalola kusuma sikuimitsa nthawi. Oweruza ena sanagwirizane nazo, ndipo ine ndili mbali yawo. Ku Kenya ndiye amangokupatsa miyezi 12 basi pa milandu yamtunduwu.

Tsono taganizani munthu amene wangotuluka kumene. Ntchito inatha, ngongole zamuunjikira, abale anagulitsa katundu pofuna ndalama ya belo, anthu akumuloza chala mumsewu. Chimene akufuna ndi kugona tulo osadzidzimuka. Apolisi amene akuti awasumirewo ndi omwe aja anamutsekera, ndipo mwina mlandu wake ukadali m'manja mwawo. Ukawasumira lero, mawa akakana kukupatsa belo udandaula kwa yani? Ambiri amangoti bola ndatuluka wamoyo. Mantha akamadzatha, nzeru n'kubwerera, miyezi isanu ndi umodzi ija inapita kalekale.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chifukwa chimene boma limapereka, choti umboni umasowa nthawi ikapita. Umboni wake uti? Buku lolembamo omangidwa lili kupolisi. Fayilo ya mlandu ili ndi boma. Ola limene munthu analowa ndi limene anatuluka analemba ndi iwo omwe. Akataya mabuku awo, wolangidwa akhale womangidwa uja? Komanso boma lomweli, likafuna kuzenga munthu mlandu wakupha, m'mayiko ambiri silimva zoti nthawi yatha, ngakhale patapita zaka 30.

Ine ndikanakonda masiku aziyambira pamene munthu watuluka pa chipata cha ndende, kapena pamene mlandu wake watheratu, ndipo pomutulutsapo azimupatsa kapepala m'chilankhulo chake konena tsiku lomaliza kusuma. Pomumanga amatha kumuuza kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Chingawavute n'chiyani kumuuzanso izi pomumasula?

Pakadali pano, amene muli ndi m'bale woti anamangidwa popanda chifukwa, lembani tsiku ndi ola limene anamutenga, dzina la polisi, nambala ya mlandu, ndi tsiku limene anatuluka. Mukaonane ndi loya kapena a bungwe lothandiza anthu pa za malamulo mlandu ukadali m'khoti, osadikira kuti uthe.