Chikwangwani chodindidwa pamanja chikadali ndi ntchito yake

Pali nkhani imene ndakhala ndikutsutsana ndi anzanga kangapo konse. Iwo amati masiku ano, pamene aliyense ali ndi foni m'manja, n'kutaya nthawi kuti anthu azisonkhana, kusema matabwa ndi kudinda zikwangwani zokamba za ufulu, popeza uthenga womwewo ungathe kufikira anthu zikwizikwi m'kamphindi. Ine ndimakana, ndipo chifukwa changa sichili pa kukongola kwa zojambulazo, ngakhale kuti zina n'zokongoladi.

Amene sanaionepo ntchitoyi aiganizire motere. Munthu amajambula pa thabwa losalala, kenako amasema ndi kampeni, kuchotsa paliponse pamene akufuna kuti pepala lidzatsale loyera. Potsalapo amapakapo inki, n'kuyala pepala pamwamba, n'kumalitikita ndi kumbuyo kwa supuni mpaka inki italowerera. Zilembo zimasemedwa chobwerera, monga zimaonekera pagalasi. Tsiku langa loyamba ndinaiwala lamulo limeneli, moti nditamatula pepala, mawu akuti UFULU amene ndinawasema masana onse anatuluka akuti ULUFU, F ndi L atayang'ana kolakwika. Anthu anaseka mpaka misozi, ine n'kuyambanso pa thabwa lina, chifukwa chimene chasemedwa sichibwezeretsedwa.

Mfundo yanga yagona pamenepo. Popeza mpeni subwerera m'mbuyo, ndiponso thabwa limangokwana mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, gulu liyenera kugwirizana kaye lisanayambe kusema. Wina akanena kuti tilembe za ufulu, mnzake amafunsa kuti ufulu wa yani, wochita chiyani, ndipo akuuphwanya ndani. Wogwira ntchito amaganiza za malipiro, wophunzira amaganiza zolankhula mopanda mantha, mayi amaganiza zoyenda usiku osavutitsidwa. Kukangana kumeneku kumatopetsa, nthawi zina kumadya maola ambiri kuposa kudindako, koma n'kumene kumachititsa kuti mawu otsalawo akhale a onse. Pa foni munthu amalemba ali yekha, ndipo akaona kuti zavuta amafufuta.

Ku Paris mu Meyi 1968, ophunzira ndi amisiri ojambula analanda sukulu yophunzitsa zojambula ya École des Beaux-Arts n'kuisandutsa malo odindira zikwangwani amene anawatcha Atelier Populaire. Chojambula chilichonse chinkabwera pa msonkhano wa onse, n'kukambidwa, n'kuvoteredwa, ndipo chikavomerezedwa chinkadindidwa popanda dzina la wochijambula. Posakhalitsa anayamba kudinda pogwiritsa ntchito nsalu yopyapyala yokungidwa pa chimango ngati sefa, imene inki imadutsa m'malo osatsekedwa okha, chifukwa njira imeneyi inali yachangu ndipo aliyense akanatha kuiphunzira. Zaka zambiri izi zisanachitike, mu 1937, mmisiri wojambula Leopoldo Méndez ndi anzake anali atayambitsa kale gulu lodinda zithunzi ndi zikwangwani la Taller de Gráfica Popular ku Mexico City, limenenso linkaunika ntchito ya membala aliyense pamodzi.

Amene akukayika mphamvu ya pepala ndi inki afunse chifukwa chimene maboma ankhanza amaziopera. Gulu la Medu Art Ensemble, la anthu amene ambiri mwa iwo anathawa tsankho ku South Africa, linkadinda zikwangwani ku Gaborone m'dziko la Botswana, n'kumaziolotsa malire mobisa. Boma la tsankho linkaziletsa, koma zinkapezekabe pa zipupa. Pa 14 Juni 1985 asilikali a South Africa analowa mu Gaborone usiku n'kupha anthu 12, ndipo mmodzi mwa ophedwawo anali Thami Mnyele, mmisiri wojambula wa gululo. Medu inathera pomwepo.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti olamulira ankhanza nawonso amakonda zikwangwani, ndipo akunena zoona. Nkhope ya mtsogoleri yopachikidwa pa mtengo uliwonse ndi chikwangwaninso. Koma chimenecho chimachokera kumwamba, chimadindidwa ndi ndalama zambiri, ndipo palibe amene anafunsidwa maganizo. Ndingaonjezere kuti ngakhale gulu la anthu wamba lingathe kudinda bodza kapena mawu achidani, choncho sindikunena kuti chilichonse chodindidwa pamanja n'cholungama. Ndikungoti bodza limavutika kudutsa m'chipinda mmene anthu khumi ali ndi ufulu wolikana lisanasemedwe.

Palinso nkhani ya amene amauona uthengawo. Zimene timalemba pa intaneti zimaonetsedwa kwa anthu osankhidwa ndi makina a kampani, ndipo kawirikawiri amakhala anthu ogwirizana nafe kale. Chipupa sichisankha. Pamadutsa wotsutsa, wapolisi, mwana wasukulu ndi nkhalamba yosadziwa kuwerenga, imene chithunzi cha unyolo woduka chimaikwanira. Wina akaching'amba usiku, mbali yotsalayo imauza odutsa m'mawa kuti pali munthu amene mawuwo amubaya.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ntchito imeneyi ikatchuka imachotsedwa mumsewu. Anthu a Atelier Populaire ananena poyera kuti malo a zikwangwani zawo ndi m'misewu ndi pa zipupa za mafakitale, ndipo anakana kuti zikhale zokongoletsera nyumba kapena malonda. Lero zomwezo zili m'mafelemu a galasi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, zina zimagulitsidwa kwa olemera, ndipo mlendo amapemphedwa kuti asazikhudze. Sindikutsutsa kuzisunga, chifukwa bwenzi zambiri zitaola ndi mvula. Koma pamene ndinaimirira kutsogolo kwa chimodzi chotere, maso anga anapita pakona pamene chala cha munthu wina chinasiya chidindo cha inki, mwina pofulumira kukachiyanika pa chingwe kuti mnzake ayale pepala lotsatira.