Chala changa ndi chomwechi mpaka kumanda

Sabata yatha ndinaperekeza agogo anga ku ofesi ina kukalandira thandizo lawo. Patebulo panali kamakina kokhala ndi kagalasi kowala. Kalaliki anati, "Agogo, ikani chala apa." Anaika, makina anakana. Anachipukuta pachitenje, anakananso. Anachisisita pamphumi monga anawauzira mayi wina pamzere, koma ayi ndithu. Zala za agogo zinatha ndi khasu, mizere ija inafufutika kalekale. Mnyamatayo anangoti abwerenso mawa. Tikutuluka agogo anandigwira mkono n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Mwana wanga, ndiye kuti ine si ine?"

Funso limenelo landisowetsa tulo. Koma m'minibasi pobwerera mtima wanga unapita kwa enawo amene makina anawalola, akutuluka akumwetulira. Chidindo cha chala chawo chapita kuti? Akuchisunga ndani, mpaka liti?

Mu 2017 tonse tinaima pamizere kusukulu ndi kumabwalo a mafumu, a NRB, ofesi ya boma yolembetsa nzika, akutijambula nkhope ndi kutidinditsa zala. Anthu oposa 9 miliyoni tinalembetsa m'miyezi yochepa chabe. Chiphaso cha unzika chathandiza, zimenezo sindikutsutsa. Munthu wakumudzi amene kale ankafunika kalata ya amfumu pa chilichonse, lero amatsegula akaunti kubanki ndi khadi imodzi. Koma khadi yomweyo tsopano ndi kiyi wa zonse: simu khadi, banki, feteleza wotsika mtengo wa boma, kulembetsa mavoti. Kiyi mmodzi, zitseko zonse za moyo wako.

Abale anga, nambala yachinsinsi ya pafoni ikabedwa umapita kwa ejenti n'kusintha. Loko akathyoledwa umagula wina kumsika. Nanga chala? Nanga diso? Zimenezi unabadwa nazo ndipo udzaikidwa nazo m'manda. Zikangofika m'manja mwa mbava, palibe ofesi padziko lino imene ingakupatse chala chatsopano.

Wina anena kuti ndikuopa mthunzi. Mu 2015 ku America, dziko la ndalama ndi akatswiri a kompyuta, mbava za pa intaneti zinalowa m'makina a ofesi yosunga mbiri ya ogwira ntchito m'boma, n'kuba zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni. Anthu amenewo mpaka lero akuyenda ndi zala zomwezo. Kwathu kuno, mu February 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba alowa m'makina opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu. Ambiri tinadandaula za maulendo amene analephereka, koma ndi angati tinafunsa za nkhope ndi zala zathu zimene zinali m'makinamo?

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya ku Kenya. Mu 2023 kampani ya Worldcoin inabwera ku Nairobi ndi makina obulungira ngati mpira, owala ngati siliva. Umayang'anamo, amajambula mkati mwa diso lako, n'kukupatsa ndalama za pa intaneti zokwana pafupifupi 7,000 shillings. Anthu anadzaza pa KICC, malo aakulu ochitira misonkhano mumzindawo, mizere yotalika, achinyamata osowa ntchito, amayi ndi ana kumbuyo. Boma linaimitsa ntchitoyi mu August chaka chomwecho, maso a anthu masauzande atajambulidwa kale. Ine sindingawaweruze anthu amenewo. Njala ikakhala m'nyumba, munthu sawerenga mapepala a mgwirizano. Ndipo ndikudziwa kuti makina amenewo akanaikidwa ku Limbe kapena ku Mchesi, mzere ukanakhala wautali chimodzimodzi. Kampani yolemera ikamapita kukagula maso kumene kuli anthu osauka, imeneyo ine sindiitcha chilolezo. Ndi kudyera pa umphawi wa anthu.

Zina timaziona tsiku ndi tsiku osazilabadira. Ejenti pansi pa ambulera amajambula chiphaso chako ndi foni yake, kutsogolo ndi kumbuyo, chithunzicho n'kukhala momwemo pamodzi ndi zithunzi za ana ake. Foniyo ikagulitsidwa mawa, nkhope yako ndi nambala yako zapita nayo. Kuntchito kwina amadinditsa chala m'mawa ndi madzulo, ukasiya ntchito palibe amene amakuuza ngati afufuta.

Lamulo tili nalo tsopano, Data Protection Act ya 2024, ndipo udindo woliyang'anira unapatsidwa kwa MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi. Koma lamulo la m'kabati silingateteze agogo anga amene sanalimvepo ngakhale pa wailesi. Ine ndikufuna zinthu zooneka. Aliyense wofuna chala changa andiuze m'Chichewa chomveka kuti akuchisunga kuti, adzachiona ndani, adzachifufuta liti. Makina awo akathyoledwa atiuze msanga, tisamve kwa anthu a m'minibasi. Ndipo pakhale njira ina kwa munthu amene makina amukana, chifukwa amene zala zawo zinafufutika ndi omwewo olima chimanga chimene tikudya.

Mawa lake tinabwereranso ndi agogo. Ndinafunsa kalaliki uja mwaulemu kuti, "Achimwene, zidindozi zimasungidwa kuti?" Anandiyang'ana, n'kunena moona mtima kuti iye sadziwa, ntchito yake ndi kudinditsa basi. Agogo anayesa zala zonse mpaka kachala kakang'ono ka kumanzere, ndiko kamene kanavomera.