Achibale ake ati?

Mwalemba kuti wodwala akasiya kuyankhula, achibale ndiwo agamule ngati apitirize kukhala pa makina omuthandiza kukhalabe ndi moyo kapena ayi. Pamenepo sindikugwirizana nanu. Achibale ake ati? Nkhani ya Terri Schiavo ku Florida, m'dziko la America, inavuta pa chifukwa chomwechi. Mayiyu anakomoka mu 1990 mtima utaima, ubongo n'kuwonongeka, ndipo sanasiye chikalata chonena zofuna zake. Mwamuna wake ankati mkazi wanga sakanafuna kukhala chonchi, makolo ake ankati chubu chodyetsera chisachotsedwe. Anakokanakokana m'makhoti zaka zambirimbiri, mpaka aphungu ku Washington analowererapo. Chubucho chinachotsedwa mu Malichi 2005.

Kuno ku England, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limalola munthu kukaniratu chithandizo china mutu ukadali kugwira bwino. Koma akamakana chithandizo chopulumutsa moyo, ayenera kulemba, kusayina pamaso pa mboni, ndi kunena mosapsatira kuti akukana ngakhale moyo wake utakhala pachiswe. Mawu apakamwa sakwanira. Ndaonapo ana akukangana pakhonde misozi ili mbwembwembwe, wina akuti bambo anandiuza zakuti, mnzake akuti bodza, nesi atangoima kusowa woti amumvere. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa onsewo amawakonda bambo awo.

Ndikudziwa kuti kwathu kukamba za imfa munthu akadali moyo ena amati n'kuitana tsoka. Koma chikalata chokaniratu chithandizochi sichipatsa dokotala mphamvu yopha munthu ayi. Wodwalayo timamusambitsabe, timamufunditsa, ndipo madzi ndi phala timamupatsabe pakamwa ngati angathe kumeza.