Chenjezo: lekani kutola mbande paliponse

Ana inu, khalidwe ili landikwana. Munthu ali nayo ndalama ya feteleza, ya aganyu, ngakhale ya mpanda wa munda, koma ikafika nkhani ya mbande akuti za kunazale n'zodula, akapempha kwa mnzake. Wina akuzula ana a nthochi m'munda wa achimwene ake osayang'ana n'komwe kuti phata lake lili bwanji. Wina wathyola kanthambi kudziko la eni, wakabisa m'chikwama, wadutsa nako pachipata, ndiye akudzitama kuti wapusitsa ofufuza katundu. Wapusitsa yani?

Matenda ambiri a mbewu amayenda mtunda wautali chifukwa timawanyamula ndife, m'manja mwathu, tikusekerera. Chisaka cha nthochi chimakhala m'kati mwa chomera. Mwana wochokera pa phata lodwala ndi wodwala kale, ngakhale aoneke wobiriwira bwanji. Mukamudzala, nsabwe za nthochi zimayamwa madzi ake n'kupita nawo ku nthochi za mnansi wanu amene sanalakwe kanthu. Mankhwala ochiza palibe, n'kuzula basi. Khate la chinangwa nalo limayenda ndi mitengo yodzalayo. Palinso matenda ena a chinangwa amene masamba ake sadabwitsa kwenikweni, mumadzadziwa tsiku lokumba, mutadula muzu n'kupeza m'kati muli mawanga ofiirira ouma, chaka chonse chapita.

Musaganize kuti izi zimagwera osauka okha. M'chaka cha 2013, m'chigawo cha Puglia ku Italy anatulukira kachirombo kotchedwa Xylella fastidiosa m'mitengo ya maolivi. Kaumitsa mitengo mamiliyoni, ina yoti inakhala zaka mazanamazana, yodzalidwa ndi makolo a makolo awo. Ofufuza amakhulupirira kuti kanalowa ndi mbande za khofi zongokongoletsera zochokera ku Central America. Zokongoletsera chabe! Ku France nako, m'zaka za m'ma 1860, tinsabwe todya mizu totchedwa phylloxera tinabwera ndi mipesa ya ku America n'kusakaza minda ya mpesa dziko lonse. Chimene chinapulumutsa ulimiwo ndi luso la kumezanitsa: analumikiza mpesa wa ku Ulaya pa tsinde la mpesa wa ku America, umene mizu yake imapirira tinsabweto. Mpaka lero akuchitabe choncho.

Luso limeneli ndi limene mukulinyoza mukamanena kuti wa nazale amangothira dothi m'machubu. Kamuoneni akugwira ntchito. Ali ndi mitengo yake yosungira mtundu imene amaiyendera kawirikawiri, ndipo mphukira yomezanitsira satenga pena paliponse. Mpeni amautsuka asanakhudze mtengo wina. Amacheka tsinde ndi mphukira mofanana kuti makungwa akumane ndendende, n'kumanga ndi kapulasitiki mothina bwino kuti madzi asalowe. Chomera chobwera kumene amachiika pachokha kaye. Bedi likadwala amalizula lonse n'kuliotcha, ndalama yake ikupsa akuona, kuti inu musatengere matendawo kwanu. Mtengo wa mbande yake umakwera chifukwa cha zimenezi, ndipo ine sindiona cholakwika.

Mango omezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo chipatso chake ndi chomwe munalonjezedwa. Peyala wongomera kuchokera ku njere mudzamudikira zaka zambiri, ndipo akadzabereka mwina sadzafanana n'komwe ndi amene munadya uja. Nanga mbewu ya haibulidi imene mumabwereza kudzala kuchokera m'zokolola zanu? Mbadwo wachiwiri sufanana msinkhu, sukhwimira limodzi, zokolola zimatsika, kenako mumadzudzula mvula.

Achinyengo nawo adziwa kuti mumakonda zotchipa. Akumanga kapulasitiki pa mbande wamba kuti izioneka ngati yomezanitsa. Safunsa anadya phula. Masulani pang'ono muone chipsera pamene mitengo iwiri inalumikizana. Funsani kuti ndi mtundu wanji, tsinde lake ndi lanji, mphukira inachokera kuti. Wodziwa ntchito yake amayankha mosadodoma, ndipo amakondwa kuti mwafunsa. Yang'anani kunsi kwa masamba. Ng'ambani chubu chimodzi muone mizu, chifukwa ikakhala yozungulirazungulira m'katimo, mbandeyo yakhalitsa ndipo idzapinimbira m'munda. Mukagula mbewu ya m'paketi, werengani chaka chake ndi chizindikiro chosonyeza kuti inayesedwa, ndipo paketiyo musaitaye mpaka mutakolola.

Inu amene nthochi zanu zayamba kale kutulutsa masamba ang'onoang'ono othinana pamwamba, lekani kugawira anthu ana ake ngati mphatso. Itanani mlangizi wa zaulimi aone. Akatsimikiza kuti ndi chisaka, yambani mwapha nsabwezo, kenako zulani phata lonse pamodzi ndi ana ake omwe, ndipo mukauze anansi anu kuti nawonso ayendere minda yawo sabata ino.