Pa Khrisimasi rimoti agwire amene sakumwa

Abale anga, Disembala wafika ndipo pempho langa ndi limodzi. M'nyumba iliyonse momwe muli TV ndi kireti ya mowa, rimoti apatsidwe munthu amene sakumwa. Kaya ndi mwana wa sitandade 7, kaya ndi azakhali a kukwaya, bola m'manja mwawo mukhale Sobo kapena thobwa. Musandimve molakwa, mowa sindidana nawo, Green yozizira bwino ndimayidziwa kukoma kwake. Koma munthu amene wagwetsa mabotolo angapo sangatiuze kuti filimu yoseketsa ndi iti, poti iyeyo amakhala atayamba kale kuseka filimu isanayambe.

Mukawasiyira a pa kireti, mudziwiretu kuti muonera The Hangover. Ndi ya mu 2009, koma mpaka lero akamuna akangotenthedwa m'mutu amayikumbuka. Anyamata atatu akudzuka mu hotela ku Las Vegas ndi matsire a dzaoneni, sakukumbuka kanthu za usiku wathawo, wina dzino lachoka, kubafa kuli kambuku wa Mike Tyson, m'chipinda muli khanda losadziwika mwini, ndipo mkwati amene anabwera naye wasowa ukwati uli pafupi. Filimuyi inapanga ndalama zoposa madola 460 miliyoni, anthu ake mpaka anapanganso ina mu 2011 ndi ina mu 2013, ndiye sindinganene kuti ndi yachabe. Koma tayang'anani pabalaza amene akuseka. Ndi amalume ndi alamu, ndipo chimene akuseka si filimuyo kwenikweni. Aliyense akukumbuka zake, tsiku lija anadzuka nsapato imodzi kulibe, tsiku lija anagona pakhonde la eni. Pamene amayi amene anakhalapo maso mpaka mbandakucha kudikira munthu wotereyu angoti duu, manja ali pachibwano. Kwa iwo imeneyo si nthabwala, ndi nkhani ya m'nyumba mwawo. Komanso tisaname, muli mawu ndi zithunzi zoti sungaonere limodzi ndi apongozi. Ndipo zidakwa zambiri zimayiwala kuti anyamata aja sanasokonezeke ndi mowa wokha, mnzawo Alan anawathirira mankhwala m'zakumwa.

Tsono ikani Home Alone muone kusiyana. Ya mu 1990, kamnyamata ka zaka 8, Kevin, akukayiwala kunyumba ku Chicago banja lonse litakwera ndege kupita ku Paris kukadyera Khrisimasi, kenaka mbava ziwiri zikufuna kuthyola nyumbayo. Agogo sadziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi, koma simbi ikagwera mbava pamphumi n'kusiya chidindo, amaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Zitini za penti kumaso, msomali kuphazi, moto kumutu, kangaude pamphuno, zonsezi sizifuna womasulira. Mwana aseka, agogo aseka, woledzera aseka, ngakhale amene akutuluka kukaona mpunga pamoto akabwerera safunsa kuti zafika pati. Chondisangalatsa china n'chakuti Joe Pesci, mbava yaifupi ija, chaka chomwecho anasewera chigawenga choopsa mu Goodfellas mpaka kulandira mphoto ya Oscar, koma kwathu kuno ambiri amangomudziwa ngati wakuba wa dzino lagolide amene anapsa mutu.

Alipo anzathu ena, makamaka opita kusukulu kwambiri, amene amanyoza zoterezi. Amati ndi za ana, nthabwala zenizeni ndi za pakamwa, zofuna kuganiza. Chabwino. Koma nthabwala za pakamwa za ku America zili ndi vuto lake pano. Zimathamanga, ndipo theka lake zimakamba za anthu, masewero ndi ndale za kwawo komweko. Chris Tucker mu Rush Hour amalankhula ngati akuthamangitsidwa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a ife tinakonda filimu imeneyo mu 1998 chifukwa cha zibakera za Jackie Chan ndi nkhope ya Tucker, osati chifukwa tinamva liwu lililonse. Ndiye pabalaza pali phokoso la mabotolo, ana akuthamangitsana, wailesi ya aneba ili pamwamba, inu n'kumayembekeza kuti anthu agwire nthabwala yobisika m'chiganizo? Chimene chimandinyansa ine ndi uja amaseka yekha mokweza kenaka n'kutembenuka, "simunamve eti?" Achimwene, kusaseka si umbuli. Mwina munthu wamva bwinobwino, kungoti sizinamufike.

Pa Coming to America ndiye pamakhala mkangano weniweni, ndipo umenewu ndimaukonda chifukwa ngakhale osamwa amagawanika. Eddie Murphy mu 1988 anasewera Akeem, mwana wa mfumu ya dziko lopeka la Zamunda, amene akupita ku Queens ku New York kukafuna mkazi womukonda osadziwa za chuma chake. Ena amati Amereka anatinyoza, anayika njovu zikuyenda pabwalo la nyumba ya mfumu ngati nkhuku, ndipo kalankhulidwe kake si ka dziko lililonse la mu Africa muno. Ena amati ayi, kamodzi kokha anationetsa olemera, ovala bwino, pamene osauka ndi a ku New York, kumene katundu wa Akeem anabedwa atangofika. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ngakhale za njovu zimandikwiyitsabe pang'ono. Koma mbali imene imandipha ndi ya kometera tsitsi ija, madala akukangana za nkhonya, wina Joe Louis wina Rocky Marciano, osamvana mpaka kalekale. Murphy ndi Arsenio Hall anasewera okha ambiri mwa madala amenewo atasinthidwa nkhope. Madala amenewo tonse timawadziwa, kungoti athu amakangana za Bullets ndi Wanderers. Yachiwiri ya mu 2021 ija tisayikambe, ndinayionera ndili bwinobwino osamwa ndipo sindinapeze poseka.

Madea, gogo wolongolola wa m'mafilimu a ku America, naye amagawa nyumba. Azimayi ambiri amamukonda chifukwa amalankhula zimene iwo amangozisunga mumtima, ndipo kumapeto kumakhala kukhululukirana ndi nyimbo za kutchalitchi. Abambo ena akangodziwa kuti gogo ameneyu ndi mwamuna, Tyler Perry, atavala diresi ndi wigi, basi nkhope yagwa, ati zachibwana. Abambo omwewo maola awiri apitawo amafa ndi phwete poona munthu wamkulu mu The Hangover akutuluka m'buti ya galimoto ali mbulanda. Ndiye zachibwana ndi ziti pamenepa?

Mowa umachita ziwiri pa nkhani ya kuseka. Umatsitsa mpanda, zilizonse zimaoneka zoseketsa, ndiponso umakweza mawu, munthu amayamba kukhulupirira kuti chimene chikumuseketsa iye chiyenera kuseketsa aliyense. N'chifukwa chake wa pa kireti amabwezera filimu m'mbuyo katatu kuti "taonaninso apa", amafotokoza zimene zichitike zisanachitike, kenaka isanafike n'pakati pomwe wagona pampando, rimoti ili m'thumba la buluku. Otsala ndi aja sanayisankhe, akuonera zinthu zosafuna, ndipo palibe wolimba mtima kupisa m'thumba la amalume. Amene anadzuka m'mamawa kupha nkhuku, kusenda mbatata ndi kutsuka mbale ndi omwewo amene safunsidwa kuti mukufuna kuonera chiyani.

Ndiye chaka chino tigawane bwino. Masana, ana ndi agogo ali maso, asankhe osamwa, ndipo akasankha Home Alone kachikhumi musadandaule, inunso mumaseka simbi ija ikagwa. Usiku ana akagona, apongozi atapita, tsekani chitseko muyike za ku Las Vegas zanuzo, museke mpaka m'mimba kuwawa. Koma amene ayendetse galimoto pobwerera akhale ku gulu la Sobo, misewu ya Disembala mukuyidziwa. Ndipo amene akufuna kunditsutsa za Coming to America yachiwiri abwere, koma abwere asanamwe.